Masamu a m'ng'oma ndi pamchenga



Tikumbukire Godfried Toussaint, mphunzitsi wa pa yunivesite ya McGill ku Canada, amene anamwalira mu 2019. Ntchito yake inali yopezera kompyuta njira zoyezera mizere, ngodya ndi maonekedwe a zinthu, koma ankakondanso ng'oma. Mu 2005 anaonetsa kuti kawerengedwe kakalekale ka katswiri wa masamu Euclid kamabala kaimbidwe ka ng'oma zambiri. Lembani madontho 12 mozungulira, musankhepo 7 otalikirana mofanana momwe mungathere: mwapeza kaliridwe ka belu la kuzambwe kwa Africa. Agogo athu oimba ng'oma akanangoseka, poti manja awo ankadziwa kale.

Sankagwira ntchito yekha. Pamodzi ndi ofufuza anzake Erik Demaine, Martin Demaine ndi Perouz Taslakian, anafufuza sona, zojambula pamchenga za Achokwe a ku Angola ndi Zambia, zomwe Paulus Gerdes wa ku Mozambique anali atazilemba kale m'mabuku. Wojambula amayendetsa chala osachinyamula, mzere umodzi n'kuzungulira madontho onse amene waika pamchengapo. Anayiwo ankafuna kudziwa malamulo amene mzere wotere umatsata.