Tebulo labwino la njuga kulibe



Masiku ano pa intaneti pakuyenda timavidiyo ndi timalemba tophunzitsa momwe munthu angasankhire tebulo ndi kusewera blackjack ku kasino. Achinyamata ambiri akutumizirana zimenezi m'magulu a WhatsApp, ndipo mawu omwe akumveka ndi akuti: "Iyi si njuga wamba ayi, awa ndi masamu. Ukadziwa malamulo ake, vuto lili pati?" Funso limeneli silofunika kungoliyankha kuti "haraam, basi" n'kuchokapo. Tiyeni tiliyankhe bwinobwino.

Wina anena kuti nkhaniyi sikutikhudza ife a ku Nkhotakota, poti makasino ali ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Koma tebulo lija linasamuka kalekale. Lili m'foni, m'thumba mwa mnyamata amene wakhala pa doko kudikira maboti a usipa, ndi mwa wophunzira amene wangolandira ndalama ya upkeep. Airtel Money kapena Mpamba, kudina kawiri katatu, wakhala kale pa tebulo.

Masewerowo amayenda chonchi. Umasewera ndi wogawa makhadi, yemwe amaimira kasino. Khadi lililonse lili ndi mtengo wake: kuyambira 2 mpaka 10 amawerengedwa momwe alili, J, Q ndi K ndi 10, pomwe A ndi 1 kapena 11. Cholinga n'chakuti makhadi ako ayandikire 21 kuposa a wogawa, koma osapitirira. Ukapitirira 21, ndalama yako yapita.

Nanga malangizo aja amati chiyani? Amati sankha tebulo lolipira 3:2 osati 6:5, kutanthauza kuti ukaika K10,000 n'kupeza 21 ndi makhadi awiri oyamba, tebulo loyamba likupatsa K15,000 pomwe linalo K12,000 yokha. Amati funa tebulo la mapaketi ochepa a makhadi. Amati loweza tchati chokuuza nthawi yotenga khadi lina ndi nthawi yoima. Amati usagule chomwe amachitcha inshuransi. Amati dziikire malire a ndalama.

Kunena zoona, malangizowa si abodza. Koma taonani pomwe amathera. Akatswiri a masamu anawerengetsa kale kuti munthu wotsatira zonsezi osaphonya ngakhale kamodzi, pa tebulo la malamulo abwino, amaluzabe pafupifupi theka la kwacha pa K100 iliyonse yomwe waika. Tiyerekeze kuti akuika K10,000 ulendo uliwonse, maulendo 60 pa ola. Ndiye kuti pa ola limodzi wadutsitsa K600,000 pa tebulo, ndipo masamu akuti mwa apo ndi apo K3,000 imatsala kwa kasino. Ameneyo ndi katswiri. Wosewera mwachisawawa amataya yochuluka kuposa apo.

Chifukwa chake chili m'malamulo momwemo. Iwe ndiwe umayamba kutenga makhadi. Ukapitirira 21 waluza pomwepo, ngakhale wogawayo atadzapitiriranso pambuyo pake. Nonse mwagwa m'dzenje limodzi, koma wolipira ndi iwe wekha. Pamenepo ndi pomwe kasino amadyera.

Ena amatchula nkhani yowerenga makhadi. Inde, mu 1962 katswiri wa masamu wa ku America, Edward Thorp, anatulutsa buku lotchedwa Beat the Dealer, losonyeza kuti wotsatira makhadi omwe atuluka kale akhoza kuiposa kasino pang'ono. Makasino anatani? Anachulukitsa mapaketi, anabweretsa makina osakaniza makhadi, ndipo amene amuganizira kuti akuwerenga amamuletsa kusewera. Pa blackjack ya pafoni yoyendetsedwa ndi kompyuta, makhadi amasakanizidwa ulendo uliwonse, ndiye palibe chowerenga. Malo amene amakulandira ndi manja awiri ukamaluza, n'kukutsekera khomo ukayamba kupambana, akuuza okha kuti ntchito yako kumeneko ndi yotani.

Choncho kusankha tebulo n'kusankha liwiro loluzira basi. Nsomba ikhoza kusankha nyambo yonona kapena yowonda, koma mbedza ili m'kati mwa zonse ziwiri.

Tsopano tibwere ku chomwe chili chachikulu kwa ife Asilamu. Ngakhale masamu akanakhala kumbali yathu, lamulo la Allah (Subhaanahu wa Ta'aala) silikanasintha. Qur'an imatcha njuga kuti maysir. Ma ulama a tafsir amafotokoza momwe Aarabu ankachitira Chisilamu chisanafike: ankazinga ngamira, n'kutenga mivi 10, pomwe 7 inali ndi magawo a nyama ndipo itatu inalibe kanthu. Amene yawagwera mivi yopanda kanthu ndiwo ankalipira ngamira yonse. Opambana nthawi zambiri ankagawira nyamayo osauka n'kumadzitama nazo. Mwaona? Inali njuga yokhala ndi dongosolo, yokhala ndi malamulo, mpaka yodyetsa amphawi.

Ndiye mu Surah Al-Baqarah, ayah 219, Allah sanabise kuti mu mowa ndi njuga muli tina tothandiza anthu, koma anatiuza kuti tchimo lake ndi lalikulu kuposa phindulo. Kenako mu Surah Al-Maaidah, ayah 90 ndi 91, anaika njuga pamodzi ndi mowa ndi mafano monga uve wochokera ku ntchito za Shaytwaan, n'kutilamula kuti tizitalikire. Sanatiuze kuti tichepetse, kapena tisankhe mosamala. Anatiuza kuti titalikire. Anatchulanso zomwe Shaytwaan amafuna kupyolera m'zimenezi: kudzetsa udani ndi chidani pakati pathu, ndi kutitsekereza kukumbukira Allah ndi kupemphera Swala.

Taganizirani zinthu ziwirizi pa moyo wathu wa tsiku ndi tsiku. Udani: ndalama ya fizi yomwe mayi anapeza atagulitsa matumba a mpunga yalowa m'foni usiku umodzi, kenako bodza, kenako ngongole kwa anzako, kenako kuzimitsa foni. Mlovi wagwira ntchito usiku wonse pa nyanja, gawo lake walandira m'mawa, pofika masana latha pa makhadi kapena pa kandege, kunyumba mkazi ndi ana akudikira ndiwo. Swala: adhana ya Isha ikumveka, mtima ukuti "ulendo umodzi wokha ndibweze yanga". Usiku wapita, Fajr yadutsa munthu ali mtulo. Ndipo ngakhale waima pa Swala, m'mutu mukuzungulira 17 ndi 21. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Nkhaniyi ndi yolemera moti mu hadith yomwe ili mwa Bukhari ndi Muslim, Mtumiki Muhammad (swalla Allahu alayhi wasallam) analamula kuti munthu amene wangoitana mnzake kuti akatchove njuga apereke sadaka. Kungoitana chabe, asanaike ngakhale tambala. Nanga ife amene timatumiza link m'gulu, kapena kugawa khodi kuti anzathu alembetse ife tilandire bonasi, tili pati?

Pali funso lina lomwe anthu a kunyanja amakonda kufunsa, ndipo ndi lanzeru: "Nanga usodzi si njuga? Munthu amagula mafuta a injini ndi a nyali, kulowa m'nyanja osadziwa ngati usipa ugwidwa. Mwera ukaomba, zonse zapita." N'zoona kuti pa usodzi, pa ulimi wa mpunga, ngakhale pa geni ya kaunjika, munthu akhoza kuluza. Koma kusiyana kwake n'kwakukulu. Msodzi akabwera ndi nsomba, palibe amene walira kuti iye aseke. Alovi alandira gawo lawo, amayi owamba ndi oyanika apeza geni, wa galimoto wanyamula katundu kupita naye ku Salima ndi ku Lilongwe, banja lina ladya nsima ya ndiwo. Pa tebulo la njuga sipatuluka nsomba, mpunga kapena nzimbe. Kwacha iliyonse yomwe wapambana yachoka m'thumba mwa wina amene sanalandire kanthu. Ichi ndicho Surah An-Nisaa, ayah 29, ikutiletsa: kudyerana chuma m'njira yachabe, kusiyana ndi malonda ochitika mogwirizana.

Winanso ati: "Koma boma linaloleza, MAGLA imapereka ziphaso." Zoona, bungwe la Malawi Gaming and Lotteries Authority limayang'anira njuga m'dziko muno. Komatu mowa nawonso uli ndi chiphaso, ndipo palibe Msilamu amene amati chiphasocho chausandutsa halaal. Lamulo la dziko limatiuza chomwe sitingamangidwe nacho. Qur'an imatiuza chomwe tikafunsidwe pa Tsiku la Qiyaamah, pomwe aliyense adzayankhe za chuma chake: anachipeza bwanji, nanga anachigwiritsa ntchito yanji.

M'bale wanga, mlongo wanga, ngati uli kale m'kati, usataye mtima ndi chifundo cha Allah. Khomo la tawba silinatsekedwe. Koma kulapa kumafuna manja, osati pakamwa pokha.

Choyamba, yomwe inapita isiye ipite. Mtima wofuna kubweza ndiwo umakulitsa dzenje, ndipo kasino amaudalira mtima umenewo kuposa makhadi ake.

Chachiwiri, chotsa ma app, tseka akaunti, tuluka m'magulu otumizirana malangizo a njuga. Usadziyese mphamvu pa chinthu chomwe Allah anati uchitalikire.

Chachitatu, uza munthu mmodzi wokhulupirika, kaya ndi Shehe wa pa mzikiti wanu, m'bale wako wamkulu kapena mnzako wa Swala. Ngati n'kotheka, akusungire ndalama kwa kanthawi. Mbewa ya manyazi inafera ku una.

Chachinayi, ngati uli ndi ndalama yochokera ku njuga, kafunse ma Shehe momwe ungaichotsere m'manja mwako. Ngati unanamiza kapena kutengera wina ndalama, kam'bwezere ndi kupepesa, chifukwa haki ya munthu siifafanizika ndi istighfaar yokha.

Ndipo enafe, tisamuseke kapena kumuyalutsa m'bale amene wagwa. Timugwire dzanja, tipite naye ku mzikiti.

Umphawi ulipo, ntchito zikusowa, ndipo palibe amene akukana zimenezo. Koma Mtumiki (swalla Allahu alayhi wasallam) anatipatsa chitsanzo cha mbalame, zomwe zimalawira m'mawa ndi njala n'kubwerera madzulo zitakhuta. Mbalamezo zimatuluka kukasaka, ndipo kuyedzamira kwa Allah ndi kumeneko. K5,000 ya thukuta yokhala ndi baraka imafika patali kuposa K500,000 yomwe yabwera ndi misozi ya anthu ena.

Allah atipatse rizq ya halaal yotikwanira, atitalikitse ku haraam, awamasule abale athu amene akodwa mu njuga, ndipo atilimbikitse pa Swala zathu mpaka tsiku lokumana Naye. Aameen.

Wassalaam alaykum warahmatullahi wabarakaatuh.