Chikomekome cha Mkuyu

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Makolo ankanena za nkhuyu yofiira bwino imene ukaibandula umapeza tizilombo tili yakaliyakali. Lero mwambiwu ukukwanira pa Land Cruiser kapena Hilux yakale imene wina akuitsatsa motchipa modabwitsa ku Lilongwe kapena ku Limbe.

Penti ikuwala, matayala ngatsopano, injini ikulira bwino. Wogula maganizo ake ali pa matope a dzinja ndi msewu wa kumudzi, moti sawerama n'komwe kuti aone nambala ya chasisi. Magalimoto ena obedwa ku South Africa amawoloka malire, nambala yake n'kupalidwa, n'kudindapo ina. Pena imasiyana ndi ya m'mapepala a ku Road Traffic, pena pachitsulo pamaoneka zipsera za kuwotcherera. Zonsezi zimadziwika msanga wogula akapita ndi wogulitsa kupolisi ndi ku bungwe lotolera msonkho la MRA asanapereke ngakhale tambala, koma wogulitsa wachinyengo amakhala wa changu nthawi zonse. Apolisi a Interpol akadzaigwira galimotoyo, foni ya wogulitsayo sipezekanso.

Za msonkho nazo n'zowawa. Galimoto yolowa pa Mwanza kapena pa Songwe ndi chilolezo cha kanthawi imayenera kutulukanso m'dziko. Yolowa osalipira msonkho, monga ya bungwe, singangogulitsidwa popanda MRA kuvomereza. Ikapezeka kuti inagulitsidwa mozemba, imalandidwa m'manja mwa amene ali nayo, ngakhale wozemba msonkhoyo ndi wina. N'zomvetsa chisoni, chifukwa mwina wogulayo anathirapo penshoni yake yonse kapena ndalama za fodya wa chaka chathunthu.