Kodi Mtsogoleri Ateteze Mbiri Kapena Mwana?

Funso limene atsogoleri a m'midzi ndi m'mipingo ya kwa Kabudula, ku Nsaru ndi ku Namitete sangalizembe ndi lakuti ulamuliro wawo unakhazikitsidwira chiyani, kusunga mbiri ya banja ndi mpingo kapena kutchinjiriza wopanda mphamvu. Pachikhalidwe cha Achewa, mwinimbumba, yemwe ndi malume woyang'anira alongo ake ndi ana awo, amalemekezedwa chifukwa ana amathawira kwa iye. Komatu mtsikana akagwiriridwa ndi wachibale, nthawi zina malume yemweyo ndiye amaitanitsa akuluakulu madzulo, mlandu n'kuthera pa mbuzi ya chipepeso, mwanayo atauzidwa kuti za m'nyumba saulula. Mtendere wotere ngwachinyengo, pakuti opepesedwa ndi akuluakulu, pamene wovulalayo akukumanabe ndi womulakwirayo pamjigo m'mawa uliwonse.

Dziko linayankhapo kale pokhazikitsa lamulo losamalira ndi kuteteza ana mu 2010, ndipo mu 2017 Nyumba ya Malamulo inatsimikiza kuti aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Mu Mpingo wa Katolika, womwe uli ndi maparishi ku Nambuma ndi ku Namitete, Papa Francis analamula mu 2019 kuti ansembe ndi asisitere azikanena kwa akuluakulu a mpingo nkhanza zotere zikachitidwa ndi ansembe kapena asisitere anzawo. Chikhululukiro chimene chipembedzo chimaphunzitsa n'cha mwini wolakwiridwa, ndipo mtsogoleri alibe mphamvu yochipereka m'malo mwa mwana pofuna kutseka nkhani. Nyakwawa, mkulu wampingo kapena mphunzitsi akamva za nkhanza zotere, akanene kupolisi kapena aimbe nambala yothandiza ana ya 116, ndipo mwanayo afike kuchipatala maola 72 asanakwane kuti alandire mankhwala omuteteza ku HIV.