Medusa pa mkono: nkhope imeneyi ikutiuza chiyani?



Amene mumachezera pa TikTok ndi Pinterest zithunzizi mwaziona: nkhope ya mkazi, tsitsi lake njoka zokhazokha, yojambulidwa pa mkono kapena pamsana. Ameneyo ndi Medusa. Pena mumaona mkazi wovala chisoti cha nkhondo, mkondo m'manja, kadzidzi pambali pake. Ameneyo ndi Athena. Atsikana ambiri m'mayiko osiyanasiyana akusankha tattoo zochokera m'nthano za Agiriki pofuna kunena chinthu chimodzi: ndine wolimba, musandiderere. Alongo athu ena nawonso zimawakoka mtima. Kuyankha kuti "ndi haraam, nkhani yatha" ndi kosavuta, ndipo lamulolo tilifika. Koma tiyambe tafunsa kaye: kodi akazi a m'nthanozi akunenadi zimene mwini khungu akufuna kuti anene?

Tiyambe ndi Athena, amene Agiriki ankamupembedza ngati mulungu wamkazi wa nzeru ndi nkhondo. Nthano imati anatuluka m'mutu mwa bambo ake Zeus atavala kale zida, Zeusyo atameza mayi ake, Metis. Mumzinda wa Athens anamumangira kachisi wamkulu wotchedwa Parthenon, ntchito yomwe inayamba mu 447 BC, ndipo mkati mwake anaimikamo chiboliboli chake chokutidwa ndi golide ndi minyanga, chotalika pafupifupi mamita 12. Ulemu waukulu, eti? Komatu akazi enieni a mumzinda womwewo sankaponya voti, analibe mawu pabwalo lopanga malamulo, ndipo moyo wawo wonse ankakhala pansi pa mwamuna wowayang'anira. Mu 458 BC, Aeschylus anaonetsa sewero la mlandu wa Orestes, mnyamata amene anapha mayi ake. Athena ndi amene anaponya voti yomumasula, ndipo chifukwa chimene anapereka ndi chakuti iye sanabadwe mwa mayi, choncho amakhala kumbali ya mwamuna.

Nanga Medusa? M'nthano zakale kwambiri anali chilombo chabe, mmodzi mwa alongo atatu oopsa. Nkhani imene achinyamata akuidziwa lero inalembedwa ndi Ovid, mlakatuli wa ku Rome, cha m'ma 8 AD. Iye anati Medusa anali namwali wokongola, ndipo mulungu wa nyanja anamugwiririra m'kachisi wa Athena. Ndiye Athena anachita chiyani? Wogwirira uja sanamukhudze. Analanga mtsikanayo, tsitsi lake n'kulisandutsa njoka. Pambuyo pake Perseus anadula mutu wa Medusa, ndipo mutuwo unakathera pachifuwa ndi pachishango cha Athena ngati choopsezera adani. Choncho mtsikana amene wajambula Athena dzanja ili, Medusa dzanja linalo, wanyamula wozunzidwa pamodzi ndi woweruza amene anamupondereza. Paja akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ngakhale ma Amazon, akazi ankhondo aja, Agiriki ankakonda kuwajambula akulimbana ndi amuna ngati Heracles, Theseus ndi Achilles, ndipo mapeto ake m'nthanozo ndi kugonja. China chodabwitsa: Agiriki eni ake tattoo sankaiona ngati chokongoletsera. Ankaidinda pa akapolo othawa ndi pa ogwidwa kunkhondo, ndipo dzina lake linali stigma, mawu amene mpaka lero amatanthauza chizindikiro chochititsa manyazi. Herodotus analemba ngati chinthu chachilendo kuti anthu a ku Thrace ankaona zolembalemba za pathupi ngati chizindikiro cha banja lolemekezeka.

Tsono tisathamangire kuseka amene akusankha Medusa, ngati kuti sadziwa kanthu. Ambiri nkhaniyi akuidziwa bwino, ndipo n'chifukwa chake akumusankha. M'zaka zaposachedwapa tattoo ya Medusa yakhala chizindikiro cha akazi amene anagwiriridwapo. Mu 2020, ku New York anaimika moyang'anana ndi khothi la milandu chiboliboli chosemedwa ndi Luciano Garbati wa ku Argentina: Medusa ali chiimire, lupanga dzanja limodzi, mutu wa Perseus dzanja linalo. Nthano yatembenuzidwa. Uthenga wake ndi wakuti: munandiimba mlandu pa chimene ndinachitiridwa, koma ndidakali moyo. Kulira kumeneku n'koona, ndipo Msilamu sayenera kukutsekera khutu.

Funso ndi lakuti: ndi mphamvu ya mtundu wanji imene Medusa angamupatse munthu? Mphamvu yake ndi yakuti aliyense womuyang'ana amasanduka mwala. Mdani sangamuyandikire, zoona. Koma mnzake sangamuyandikirenso, ngakhale wofuna kumupukuta misozi. Ndipo m'nkhani yonse ya Ovid, Medusa salankhula liwu ndi limodzi lomwe. Zimene zinamuchitikira timazimva kuchokera pakamwa pa Perseus, amene anamupha. Kuopedwa ndi chitetezo ndithu, koma sikuchiritsa bala. Munthu wopwetekedwa amafuna kumvedwa, kukhulupiriridwa, ndi kuona chilungamo chikuchitika.

Apa m'pamene Deen yathu ikulowa. Lamulo lake ndi lodziwika: mu Hadith zomwe zili mwa Bukhari ndi Muslim, Mtumiki Muhammad (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) anatemberera wojambula tattoo ndi wojambulitsa yemwe, ndipo maulama ambiri amati tattoo yokhalitsa ndi haraam, kwa mkazi ndi mwamuna chimodzimodzi. Hina ndi nkhani ina, chifukwa imakhala pamwamba pa khungu ndipo imafufutika. Palinso mfundo yachiwiri: Athena sanali katuni. Anthu ankamuphera nyama za nsembe ndi kumupempha chithandizo. Lilime limene limatchula Shahada ndi khungu lonyamula chithunzi cha chopembedzedwa china sizingayendere limodzi.

Koma kungotchula lamulo sikuchotsa njala imene inamupangitsa mlongo wathu kusirira chithunzicho. Tili ndi chomupatsa? Tili nacho. Khawla bint Tha'labah mwamuna wake, Aws ibn as-Samit, anamunenera mawu a zihaar, mwambo wa nthawi ya umbuli womwe unkamusiya mkazi m'malere, osakhala pabanja komanso osamasulidwa. Khawla sanakhale chete. Anapita kwa Mtumiki (SAW), n'kudandaula mobwerezabwereza, n'kukweza madandaulo ake kwa Allah. Yankho linatsika kuchokera kumwamba, ndipo Sura ya 58 ya Qur'an, Al-Mujadilah, dzina lake likuchokera pa mkazi wotsutsana uja. Dipo linaikidwa pa mwamuna, osati pa iye. Taonani kusiyana kwake: Medusa analakwiridwa, n'kulangidwa, n'kutsekedwa pakamwa. Khawla analakwiridwa, n'kulankhula, n'kumvedwa, ndipo nkhani yake timaiwerenga m'Swala mpaka lero.

Ndiye chala chibwerere kwa ife. Mtsikana wa m'mudzi mwathu, m'madrasa mwathu, m'nyumba mwathu akanena kuti wachibale kapena mphunzitsi wamuchita zoipa, timatani? Si ife timati "usatichititse manyazi", "unavala chiyani", "izi n'za m'banja, tikambirana"? Tikatero ndiye kuti taweruza ngati Athena, ngakhale pakhungu pathu palibe inki. N'zosamveka kukalipira mlongo chifukwa cha chithunzi cha Medusa, pamene wopweteka mnzake akukhala mzere woyamba pa Jumu'ah popanda womufunsa. Wogwiriridwa aperekezedwe kuchipatala msanga, maola 72 asanathe, kuti alandire mankhwala oteteza ku HIV, ndipo nkhani ikafike ku Victim Support Unit ya polisi. Kubisa tchimo limene munthu wadzichitira yekha ndi khalidwe labwino. Kubisa chigawenga chomwe chikhoza kupwetekanso mwana wina si kuteteza ulemu wa banja ayi.

Kwa amene muli nayo kale tattoo, kaya munajambulitsa musanalowe Chisilamu kaya musanadziwe lamulo, khomo la tawba ndi lotsegula, la mzikiti nalonso. Maulama ambiri a masiku ano amati wudhu wanu ndi wolondola, chifukwa inki imakhala kunsi kwa khungu ndipo siitchinga madzi. Munthu asakubwezeni pa Swala. Enafe tisamayang'ane mkono wa mnzathu ngati tikuwerenga mlandu wake, poti sitikudziwa chimene chinamufikitsa pa singano ija.

Kwa inu alongo amene mwakhala mukusunga zithunzizi m'foni: kufuna kukhala wolimba si tchimo. Musanasankhe chizindikiro, werengani nkhani yake mpaka kumapeto, muone amene anailemba, muone mmene mkaziyo anathera. Kenako pezani munthu wodalirika mumuuze chimene chili mumtima. Ndipo abale, tikhale anthu oti mlongo angathe kutiuza.

Allah ndiye Wodziwa kwambiri. Atikhululukire, achiritse osweka mitima, ndipo atipatse kulimba mtima kuimira chilungamo. Ameen.