Kodi Wodwazika Akatopa Wachimwa?

Pali funso limene ambiri timaopa kulifunsa mokweza. Mayi amene akudwazika mwamuna wake kapena kholo lake akanena kuti watopa, kodi ndiye kuti chikondi chamuthera?

Funsoli limalemera kwambiri pa matenda a Parkinson, amene dokotala wa ku London, James Parkinson, anawafotokoza m'chaka cha 1817. Amayamba pamene maselo a mu ubongo opanga dopamine akufa pang'onopang'ono. Dzanja limanjenjemera munthu ali chikhalire, thupi limauma, mawu amatsika, ndipo nkhope imaleka kuonetsa chimwemwe ngakhale mtima uli wokondwa. Si ufiti, ndiponso sapatsirana. Mankhwala monga levodopa amachepetsa vutoli koma sachiza, choncho munthu amakhala nawo zaka zambiri.

Ife timadziwa kuthamangira maliro, pakuti ndi a masiku awiri kapena atatu. Koma matenda akakhala a mgonagona timakazonda mwezi woyamba, kenaka phazi limazizira. Amatsala ndi mayi mmodzi m'nyumba ya lendi ku Mgona kapena ku Chinsapo. Iye ndiye wosambitsa, wodyetsa phala, wokumbukira ola la mankhwala, wokweza wodwala minibasi kupita ku Kamuzu Central, geni yake ya tomato itaima. Abale ali kumudzi. Anansi ena akunong'onezana kuti bambowo aledzera, ena akuti analodzedwa.

Ena mwa ife amati za m'nyumba sizituluka, ndipo amene analumbira pa guwa kuti adzasamala mnzake pa matenda apirire mwakachetechete. Lumbirolo ndi loyera, sitikukana. Koma iye analonjeza kusamutaya mnzake, sanalonjeze kumusenza yekha. Pa Marko 2 munthu wofa ziwalo anafika kwa Yesu atanyamulidwa ndi anthu anayi. Pa Eksodo 17 manja a Mose atalema, Aroni ndi Huri anawachirikiza, ndipo Mulungu sanamuyese wochimwa chifukwa cha kulemako. Kutopa ndi umunthu. Tchimo lili kwa ife amene timaona mnzathu akutha koma n'kumangomuyamikira kuti ndi wolimba.

Apa ndi pamene gulu la odwazika limathandiza. Akakumana, wina amaphunzitsa mnzake kadzutsidwe ka wodwala kosathyola msana, ndi kuchotsa mikeka yopunthwitsa m'nyumba. Amasinthana kukhala ndi odwala kuti wina apite kumsika, ku Misa, kapena angogona tulo. Choposa zonse, mayi amatha kunena kuti "dzulo ndinamukalipira", nalira, popanda womuweruza. Koma gulu lotere limaima pa chinsinsi. Zonenedwa m'menemo zikamveka pa kiyosiki ya madzi, tamuvulaza kawiri.

Ntchitoyi si yachilendo kwa ife. Edzi itavuta, amayi a m'mipingo ankayenda khomo ndi khomo kusamala odwala. Nayenso Mary Sumner anayamba Mothers' Union mu 1876 posonkhanitsa amayi kuti azilimbikitsana, ndipo chimodzi mwa zolinga zathu zisanu ndicho kuthandiza mabanja amene agwa m'mavuto.

Tsono nthambi iliyonse, kaya ku Kawale, Biwi, Area 23 kapena Area 25, ifufuze odwazika a m'dera lake, a mpingo wathu ndi ena omwe. Tiwapatse malo okumanirana, ndipo ife tikawakhalire ndi odwala awo pa nthawiyo. Pa 11 April, tsiku lokumbukira matendawa pa dziko lonse, tiwatchule m'mapemphero pamodzi ndi odwala awo. Ambuye atipatse mphamvu.