Tsaya Langa Si Munda Woyeserapo Khasu

Bambo anga anabwera kudzakhala nafe kuno ku Mzuzu m'mwezi wa June chaka cha 2023, atadwala sitiroko kumudzi kwathu ku Ntchisi. Dzanja lamanja linafa, pakamwa panapotoka pang'ono, koma nzeru zinali zonse. Katundu wawo anali wochepa: jekete, chipewa, ndodo ndi kabokosi kachitsulo. M'kabokosimo munali burashi yothothoka ubweya, lamba wachikopa, kamwala konolera ndi lumo lopinda la chogwirira chakuda, lolembedwa mawu akuti Sheffield pachitsulo pake.

Lumo limeneli analigula ku Joni ali mnyamata, pamene ankagwira ntchito m'migodi kudzera ku Wenela. Iwo anali m'gulu la Amalawi amene anabwerera kumudzi boma litaletsa ulendowu m'chaka cha 1974, ndege yonyamula anthu a m'migodi itagwa ku Francistown. Ndalama za ku Joni zinatha kalekale, njinga inathyoka, wailesi inafa. Chotsala chinali lumo lokhali, ndipo kwa zaka pafupifupi 50 ankadzimeta nalo Lachitatu ndi Loweruka.

Patatha milungu iwiri ndevu zinamera, zoyera mbuu. Ndinagula malezala apulasitiki kumsika waukulu, anawakana. Ndinaitana mnyamata wa m'babashopu ya pafupi ndi kwathu ku Chibavi kuti abwere ndi makina ake, iwo anangotembenukira kukhoma. Madzulo ake anandiitana.

"Undimete ndiwe, ndi lumo langa."

"Chabwino Bambo, mawa m'mawa ndikumetani," ndinatero mosaganiza.

"Ayi. Uyambe wadzimeta wekha mpaka udziwe. Tsaya langa si munda woyeserapo khasu."

Mawu amenewa ndi amene andichititsa kulemba nkhani ino. Funso lake n'lakuti: kodi munthu ali ndi ufulu wogwiritsa ntchito pa mnzake mphamvu imene iye mwini sanaimvepo pathupi lake?

Ndiyambe ndavomera kuti ndinachita manyazi. Ndine bambo wa ana atatu, ndagwira ntchito m'boma zaka zoposa 20, ndipo kuofesi ndimaphunzitsa anyamata obwera kumene. Koma tsiku loyamba limenelo, nditaviika lumo m'madzi owira ndi kulipukuta ndi sipiriti, monga tinaphunzirira m'zaka za Edzi kuti chitsulo chokhudza magazi sabwerekana mwachisawawa, ndinaima pagalasi dzanja likunjenjemera. Ndinadzitema patatu, pachibwano pawiri ndi pansi pa khutu pamodzi. Kuntchito anzanga anandifunsa ngati ndinalimbana ndi mphaka.

Bambo ankakhala pampando pakhomo la bafa, atafunda bulangete chifukwa cha chisanu cha Mzuzu, n'kumalangiza ndi mawu ochepa. Ndevu zimayamba zafewetsedwa ndi madzi otentha ndi thovu la sopo. Lumo siliimikidwa ngati mpeni wodulira nyama, limagonekedwa pang'ono, msana wake utatalikirana ndi khungu pang'ono chabe. Dzanja linalo limakoka khungu kuti liwongoke. Umatsata kumene ndevu zagonera, chifukwa ndevu zathu zopotanazi ukazimeta mobwerera zimakulira m'kati mwa khungu ndipo zimabala tiziphuphu. Usanayambe umalipititsa palamba wachikopa, msana patsogolo, kuti kukamwa kwake kuwongoke. Ukatha umaliumitsa bwino, pakuti chinyezi cha kuno chimadya chitsulo ndi dzimbiri.

Phunziro limene linandivuta koposa linali lakuti lumo salikanikiza. Kulemera kwake komweko n'kokwanira. Munthu amene amakanikiza ndi amene lumo lake labuntha, ndipo lumo lobuntha ndi limene limatema. Wodziwa amathera nthawi yake pokonza chida, ndipo pakhungu amangodutsa mopepuka. Wosadziwa amafulumira kufika pakhungu, n'kumalipira ulesi wake ndi mphamvu.

Tsono wina anganene kuti zonsezi n'zachikale, ndipo anganene zoona. Pamene King C. Gillette analandira umwini wa lezala lotetezedwa m'chaka cha 1904 ku America, anathandiza anthu ambiri. Lezala lotere n'lotsika mtengo, silifuna luso, ndipo munthu akhoza kumeta mumdima magetsi atazima. Sindikuuza wina aliyense kuti ataye lezala lake. Nanenso masiku ena ndikachedwa ndimalitola. Koma pali chinthu chimodzi chimene chida chotetezedwa chimabisa. Chitsulo chakuthwa chimakhalapobe, kungoti dzanja limaiwala kuti chilipo. Lumo lopinda silikulola kuiwala.

Apa m'pamene maganizo anga anapita kuofesi. Ife ogwira ntchito m'boma tili ndi malumo athu: cholembera, chidindo, fayilo ndi mawu aja akuti "bwerani mawa". Zida zimenezi zinakutidwa bwino ndi malamulo, kotero kuti wozigwira samva kuthwa kwake. Ndikukumbukira mkulu wina amene anabwera kuofesi kwathu kuchokera kumapiri a ku Chitipa, atanyamula mapepala m'jumbo. Panasowa kalata imodzi. Ndinamuuza mwaulemu wonse kuti abwerenso sabata yamawa, ndipo sindinaphwanye lamulo lililonse. Sindinadzifunse kuti agona kuti usiku umenewo, kapena kuti ndalama ya basi anaipeza atagulitsa chiyani. Ndikanatha kuimba foni imodzi n'kuipeza kalatayo. Ndinakanikiza, chifukwa kukonza chida kunali kotopetsa. Magazi ake sindinawaone, poti anakatulukira kudepoti.

Komabe funso lija silophweka monga likuonekera. Dokotala sayenera kuyamba wadwala chifuwa chachikulu kuti achize wodwala. Woweruza milandu sayenera kuyamba wagona m'ndende. Mzamba wina sanaberekepo, koma amabereketsa bwino. Tikati aliyense ayambe walawa chimene akupereka, ntchito zambiri zingaime. Ndiponso alipo anthu amene anazunzikapo kwambiri, koma atapeza mpando anazunza anzawo koposa, namati, "Nafenso tinadutsa momwemo." Chilonda chimatha kuphunzitsa chifundo, chimathanso kuphunzitsa kubwezera.

Nanga Bambo ankafuna chiyani? Ndaganizapo nthawi yaitali, ndipo ndikuona kuti sankafuna kuti ndivutike. Zilonda zanga sizinawasangalatse. Ankafuna kuti dzanja langa likhale ndi mantha oyenera. Pali mantha amene amanjenjemeretsa dzanja, amenewo ndi oopsa. Pali ena amene amalikhazika pansi, ochokera m'kudziwa kuti chimene wagwirachi chikhoza kupha. Munthu akadzimeta yekha, wometa ndi wometedwa amakhala munthu mmodzi, ndipo kulakwa kulikonse kumamveka nthawi yomweyo. Pamenepo dzanja limaphunzira kuganizira khungu. Dokotala wabwino ndi woweruza wabwino amafika pomwepo kudzera njira ina, ya kumvetsera ndi kudziika m'malo mwa mnzawo. Njira zimasiyana, koma udindo ndi umodzi: usagwire chakuthwa pakhosi pa munthu usanadziwe kuti khosi n'chiyani.

Dziko lathu linaonapo lumo likugwidwa popanda mantha otere. M'chaka cha 1973 kunabwera malamulo a kavalidwe, oletsa amayi kuvala mathalauza ndi masiketi aafupi, ndipo amuna sankaloledwa kusunga tsitsi lalitali. Alendo ofika pabwalo la ndege ndi tsitsi lotere ankametedwa asanalowe m'dziko. Malamulo a kavalidwe ka amayiwo anachotsedwa m'chaka cha 1993. Kumeta kumeneko sikunkatulutsa magazi, koma kunkachepetsa munthu. Tiyerekeze ndi mwambo wathu wa kumeta pambuyo pa maliro, pamene namfedwa amakhala pansi, wachibale kapena mnansi n'kumumeta pofuna kumuchotsa m'chisoni. Chida n'chimodzi, ntchito n'njofanana. Kusiyana kuli pakuti wina amaweramitsidwa, wina amawerama yekha chifukwa akukhulupirira dzanjalo.

Panatha milungu isanu ndi umodzi. Tsiku lina Loweruka Bambo anandisisita tsaya ndi dzanja lawo lamanzere, nati, "Tenga madzi." Tinakhala pakhonde, nkhungu ikutsika kuchokera ku Kaning'ina. Khungu la nkhalamba silifanana ndi langa. Ndi lopyapyala, lamakwinya, ndipo mbali imene inafa ija linalendewera. Zonse zimene ndinaphunzira pagalasi zinangondifikitsa pakhomo, zotsalazo ndinayenera kuzifunsa kwa mwini nkhope. Nditafika pakhosi, anakweza chibwano n'kutseka maso. Ndinaona mtsempha ukugunda pansi pa chala changa. Uyu ndi munthu amene ndili mwana ndinkathawira kuseri kwa nkhokwe akangotsokomola. Tsopano moyo wake unali pakati pa zala zanga zitatu, ndipo iye anali phee, ngati mwana pamsana.

Ndinawatema pang'ono pansi pa mlomo. Ndinapepesa, mtima uli m'mwamba.

"Pitiriza," anatero osatsegula maso. "Wosatema ndi wosameta."

Pamenepo ndinaphunzira mbali yachiwiri ya nkhaniyi. Ngakhale wosamala chotani adzalakwa. Woopa kulakwa mpaka kusiya ntchito amasiya nkhalamba ndi ndevu zake, ndipo kumeneko n'kulakwanso. Kuofesi timatero kawirikawiri: fayilo yovuta timaikankhira patebulo la wina kuti dzina lathu lisadetsedwe, mwini wake n'kumadikira miyezi. Chofunika kwa wogwira lumo n'chakuti aone pamene watema, apepese, apukute magazi, amalize ntchito.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Kumeta Bambo kumanditengera mphindi 40, ndipo m'mphindi zimenezo ndamva nkhani za kumigodi zimene sanandiuzepo m'zaka zonse za ubwana wanga. Sindinganene kuti ndasanduka munthu wina. Lolemba lapitali ndinagwidwanso ndi mawu aja akuti "bwerani mawa", ndipo mayi amene ndinamuuzayo anali atafika kale pakhomo pamene ndinamuitananso. Koma ndinamuitana.

Ndikudziwa kuti tsiku lina kudzakhala kumeta kwina, kumene ine ndidzakhale pansi ku Ntchisi, wina ataimirira kumbuyo kwanga. Tsikulo lisanafike, Lachitatu ndi Loweruka ndimadzuka tambala woyamba, n'kuteleka madzi. Mwana wanga wamwamuna, amene ndevu zayamba kumera, wayamba kuima pakhomo kumaonerera. Sabata yatha anapempha kuti ayeseko kumeta agogo ake. Ndisanayankhe, Bambo anamuloza galasi.