Ulalo wa mitengo: udindo ngwandani?

Dzinja likafika mtsinje wa Domasi umadzaza pa ulendo wake wochoka kuphiri kupita ku Nyanja ya Chilwa, koma ana asukulu ndi amayi oyembekezera amawolokabe. Mu Marichi 2023 namondwe wa Freddy anakokolola milatho yambiri m'chigawo cha kummwera.

Funso nali: tikamadzikonzera tokha ulalo, kodi sitikuizoloweza khonsolo kuiwala ntchito yake? Lamulo la maboma aang'ono la 1998 linapatsa makhonsolo udindo wa chitukuko cha m'madera, ndipo ndalama za CDF ndi za boma, zomwe tonse timasonkhako. Kukhala chete ndi kutaya chilungamo. Komabe mwana amene awoloke mawa sangadikire bajeti.

Ine ndikuona kuti ntchito ziwirizi nzathu zonse. Lero tichotse thabwa lowola. Mawa tipite ku VDC, nkhaniyo ikwere ku ADC mpaka ku khonsolo ya Zomba, tikafunse mwaulemu koma mosatopa. Amene wasenzako mchenga safunsa mwamanyazi.

Tikambirane: ndani m'mudzi mwathu amene amawoloka pangozi tsiku ndi tsiku, koma mawu ake samveka pamsonkhano?